Tsaya la Kamkuwa ndi Tsaya la Kamalata

Mundikhululukire inu owerenga kuti ndalimba mtima kulemba nkhani ya ndevu, ine munthu wamkazi, amene sukulu yanga ndi ya kumudzi ku Musana, komwe ndinalekezera Sitandade 3. Ndikudziwa kuti alipo abambo odziwa kumeta kuposa ine, ndipo ngati pena ndaphonya andikonze. Koma zimene ndilembe pano ndinaziona ndi maso anga, ndipo dzanja limene linagwira lezala linali langa.

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, Aphiri, ndimamva fungo la sopo wobiriwira wochapira zovala atasungunuka m'madzi otentha, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni zaziwisi ndi fumbi la miyala lochokera ku chigayo cha mgodi, chimene chinkagunda gu, gu, gu osapumira mpaka makutu athu anasiya kuchimva. Tinkakhala m'komboni ya mgodi wina wa golide kufupi ndi Bindura, m'dziko la Ashona, m'kanyumba ka chipinda chimodzi ndi kakhitchini kaudzu kuseri. Bambo anga anali atamwalira, mayi atakwatiwanso ku famu ina yakutali, ndipo ine ananditenga ku Musana kuti ndizikawaphikira agogo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, nkhondo yaikulu ya azungu itangotha kumene.

M'mawa uliwonse, lipenga la pa mgodi lisanalire, agogo ankakhala pa kampando pakhomo, chidutswa cha kalilole atachitsamiritsa pa njerwa, n'kumapaka thovu ndi kaburashi kamene anapanga okha ndi khonje. Kamakina kawo kometera kanali kotchipa, kogula m'sitolo ya pa mgodi: timalata tiwiri topyapyala topanira lezala pakati, ndi kachigwiriro kopotokola. Kanali kopepuka ngati supuni ya tiyi, ndipo tinkangokatchula kuti kamalata. Lezala limodzi linkawakhalira nthawi yaitali chifukwa ankalinola m'kati mwa tambula yagalasi, kulikanikiza ndi chala n'kumaliyendetsa uku ndi uku, kwee, kwee, ine ndikupemerera moto.

Ndinali wamanyazi, koma mafunso ankandiyabwa. Tsiku lina ndinati, "Agogo, bwanji mumadzivuta chonchi? Anzanu amameta Loweruka lokha."

"Anzangawo ndevu zawo n'zakuda, Naphiri," anatero osandiyang'ana. "Chitupa changa sichinena zaka. Mzungu zaka amaziwerenga apa." Anagogoda chibwano ndi chala.

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa. Munthu akalembedwa kuti wakalamba, ntchito inkatha, ndipo nyumba inkapita limodzi ndi ntchito. Agogo ankakankha ngolo za miyala kunja kwa mgodi ndipo mphamvu anali nazo ndithu, koma ndevu zawo zinali zoyera mbee. Kwawo ku Dedza anachokako bambo anga asanabadwe. Ankati, "Ndikakafika kumeneko adzandifunsa kuti mukufuna yani." Mutu ankaumeta mpala n'kuvala chipewa. Koma chibwano sichivala chipewa.

Chaka chimenecho maso awo anayamba kuchita khungu. Ankasiya tizilumba toyera pansi pa nsagwada osadziwa, ine n'kumati, "Agogo, mwasiya apa. Apanso mwasiya." Atatopa nazo anandipatsa kamalata m'manja n'kutseka maso. Ndinawacheka kawiri pafupi ndi khutu, koma sanadandaule. Patatha mwezi ntchitoyo inali yanga.

Khomo loyandikana nafe linali la Che Amidu, Myao wa Chisilamu wogwira ntchito kwa akalipentala, mnzawo wa agogo wa zaka zambiri. Awiriwa sankatha kupatsana moni osanyozana. Che Amidu ankasunga ndevu, zodulira bwino ndi sizasi, zakuda koma zokhala ndi imvi uku ndi uku. Ine ankanditchula Abiti Phiri monga amatchulira akazi kwawo, ndipo ndinkabisa nkhope akatero.

Lachisanu lina mabalane, amene ndi kalaliki wa komboni, anayenda khomo ndi khomo kunena kuti kwabwera mzungu watsopano woyang'anira komboni, ndipo Loweruka la sabata yamawa m'mawa amuna onse akaime pamzere kuti awaone. Aliyense anadziwa tanthauzo lake. Agogo anadya pang'ono tsiku limenelo.

Lamlungu titachoka ku tchalitchi, Che Amidu anabwera ndi kabokosi kakuda m'manja. M'kati munali nsalu yofiira yofewa, ndipo pansaluyo panagona kamakina kena kometera, kamkuwa, konyezimira, kokhala ndi mano ngati a chipeso m'mbali zonse ziwiri ndi chigwiriro chogobedwa timizere. Anapatsidwa ndi mzungu wina amene ankamuphikira kale, pamene mzunguyo ankabwerera kwawo. M'sitolo za ku Bindura zoterezi zinkakhala m'galasi, ndipo anthu a m'komboni tinkangoziyang'ana.

"Aphiri, kachitini kanuko n'kopalira mbatata," anatero Che Amidu. "Tengani aka, mukaime pamzere ngati mnyamata wokafunsira mbeta."

"Taonani, munthu wa ndevu ngati tonde akundiphunzitsa kumeta! Munakayesapo pati inu?"

"Pamutu pano, Lachisanu lililonse." Anavula kofia n'kuweramira kwa agogo. "Gwirani muone. Ntchentche ikatera imathyoka mwendo."

Anandilola kukanyamula. Kanali kolemera kwambiri kuposa mmene kankaonekera, kozizira bwino m'manja. Nditakamasula ndinadabwa kuona kuti lezala lolowa m'menemo linali lomwe lija la m'sitolo ya pa mgodi, mabowo ake omwewo. Ndinaiwala manyazi n'kufunsa kuti, "Nanga ngati lezala ndi limodzimodzi, chodulitsa kamkuwa n'chiyani? Kodi chimameta ndi mkuwa kapena lezala?"

Madoda awiriwo anayang'anana.

"Bwanji tiyese," ndinatero chapansipansi. "Tsaya lina kamkuwa, tsaya lina kamalata, mpaka Lachitatu. Kamene kapambane ndiko kadzamete Loweruka."

"Nkhope yanga waiyesa dimba loyeserapo mbewu?" anatero agogo. Koma anali akuseka, ndipo anakhala pa kampando.

Ndinayamba ndi tsaya lamanzere, kamalata. Kameneka ndinkakadziwa: kankafuna kukanikiza pang'ono ndi kubwereza, kakulira khwa, khwa ngati munthu akupala nsomba, ndipo ukasisita pambuyo pake unkamva timinga totsalira. Kenako ndinasamutsira lezala lomwelo m'kamkuwa n'kupita ku tsaya lamanja. Sindidzaiwala. Kankatsika kokha ndi kulemera kwake, dzanja langa likungokaperekeza, kopanda phokoso, thovu likutulukira m'mano mwake ngati madzi m'dengu. Kanandikomera kwambiri moti nditatsitsa ndinakweza, kenako ndinapingasa, kufuna kuona pamene kangalekezere. Tsayalo linatsala see ngati botolo.

Che Amidu anasisita mbali zonse ziwiri n'kuwomba m'manja. "Uku ndi Aphiri a ku Dedza, uku ndi mwana wobadwa dzulo. Abiti Phiri, kachitiniko kakatayeni kudzala."

Lolemba m'mawa ndinameta chimodzimodzi. Agogo atabwera ku ntchito madzulo ndinawayang'anitsitsa padzuwa. Kumanzere kunali timadontho toyera ngati wawazapo mchere. Kumanja kunalibe kanthu. Agogo atamva zimenezi anati mawa masaya onse awiri akhale a kamkuwa, mlandu watha. Ine ndinawakumbutsa mwaulemu kuti tinapangana Lachitatu. Kunena zoona sindinkakayikira kamkuwa. Ndinkangofuna kuona mpaka mapeto.

Lachiwiri m'mawa, popaka thovu, chala changa chinakhudza tiziphuphu pansi pa nsagwada yakumanja. Ndinayesa ndi udzudzu. Kamkuwa katadutsapo thovu linasanduka lofiirira. Lachitatu tiziphuphu tija tinali tatupa n'kufalikira mpaka pakhosi, tina tili ndi mafinya, khungu likutentha. Tsaya la kamalata linali bwinobwino, lokhakhala monga mwa masiku onse, koma lopanda chilonda ngakhale chimodzi.

Agogo anasisita khosi lawo nthawi yaitali. Zilonda zinali zoopsa kuposa imvi, chifukwa munthu wa zilonda pakhosi ankamutumiza kwa dokotala wa mgodi, ndipo wachikulire akalowa kumeneko kawirikawiri ankatuluka ndi kalata yopitira kwawo.

"Kwatsala masiku atatu," anatero. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Tsiku lonselo ndinkasinja, kutunga madzi ndi kuchapa mutu uli pa tiziphuphu. Madzulo dzuwa likadali mmwamba ndinawakhazika panja, ndinawotcha singano pamoto, n'kuyandikira mpaka mphuno yanga inatsala pang'ono kugunda chibwano chawo. M'kati mwa kachiphuphu kalikonse munali kanthu koyera kopindika ngati mbedza. Nditakola kamodzi ndi nsonga ya singano kanatuluka, kadevu kakatali ndithu, kamene kanali katamera mobwerera m'thupi. Ndevu za agogo zinali zopotana. Kamkuwa kanazidulira m'munsi kwenikweni, mkati mwa khungu, ndipo pomera zinasowa potulukira.

Ndinatenga timakina tiwiri tija n'kutiyang'ana molunjika kuwala. M'kamalata lezala linkangosuzumira pang'ono, lobisika pakati pa malata. M'kamkuwa linali lotulukira kwambiri pamwamba pa mano. Ndinathamangira kwa Che Amidu kukawaonetsa, nditaiwala ngakhale kugwada.

Anabwera, anaona khosi la mnzawo, n'kuleka kuseka. "Unadutsapo kangati, Abiti Phiri?"

"Katatu. Kutsitsa, kukweza ndi kupingasa."

"Katatu, tsiku ndi tsiku! Ine kamodzi pa sabata, kutsata kumene tsitsi lagonera." Anagwira pakamwa. "Ndalakwa ine, sindinakuuze. Ndinayesa aliyense amadziwa."

"Mukanadziwira kuti za chibwano inu?" anatero agogo. "Chanucho simunachionepo chiyambire nkhondo yoyamba."

Choncho vuto linali mbali ina la kamkuwa, mbali ina la dzanja langa, ndipo nthawi yoti ndisiyanitse panalibe. Lachinayi ndi Lachisanu sindinayandikize lezala ku tsaya lamanja. Agogo ankapita ku ntchito atamanga kansalu kuzungulira chibwano ngati wodwala dzino. Akabwera ndinkawathowa ndi nsalu yoviika m'madzi otentha a mchere, n'kumatulutsa tindevu tija kamodzikamodzi ndi singano, nthawi zina misozi yawo ikutsika yokha.

Lachisanu madzulo, ndili pa ntchito imeneyi, agogo anayankhula ndi Che Amidu amene anakhala pambali akutiyang'ana.

"Inunso alamu, metani. Tsiku limodzi lokha. Mwanayu akumetani ndi kamalata, zidzameranso."

"Iyayi, Aphiri."

"Imvi zikuoneka zimenezo. Mzungu watsopano sakudziwani, sadziwa kuti zitseko zonse za kuno munapala ndinu."

"Ndevu izi ndimaima nazo pamaso pa Mulungu kasanu pa tsiku," anatero Che Amidu mofatsa. "Ndiye ndizichotse kuti ndikaime pamaso pa munthu kamodzi? Akafuna manja anga awaone. Akafuna chibwano, n'chomwechi."

Agogo anatembenuzira khosi kwa ine kuti ndipitirize ndi singano.

Loweruka kunacha bwino. Nditamasula kansalu ndinaona kuti tiziphuphu taphwa ndipo tauma, koma pamwamba pake panali ndevu za masiku atatu, zoyera ngati thonje. Ndinatenthetsa madzi, ndinanola lezala m'tambula, n'kutambasula dzanja kuti nditenge kamalata.

"Kamkuwa," anatero agogo.

Ndinayesa sindinamve bwino.

"Ndati kamkuwa, Naphiri. Pamzere tikhoza kuimapo mpaka masana. Kamalata kasiya zoyera, wanena wekha. Zilonda zidzatuluke mawa, lero ndikhale nditadutsa."

Chibadwire ndinali ndisanawakanirepo kanthu. Akati madzi, ndinkathamanga. Akati nsima yalimba, ndinkaphika ina. Koma ndinali nditaona mmene lezala limatulukira m'kamkuwa, ndipo tizilonda touma tija ndinkatidziwa kamodzikamodzi.

"Agogo, pepani, ndikana," ndinatero nditagwada. "Kamkuwa kasenda mitu ya zilondazi pompano, osati mawa. Mukaima pamzere magazi akuchucha. Kamalata kadumpha pamwamba pake. Zoyera zimaoneka madzulo, ndakhala ndikuziyang'ana sabata yonse. Masana sizikhala zitatuluka."

"Nyumba ikapita ukagona kuti iwe?"

"Sindikudziwa, agogo. Koma kamkuwa sinditenga. Mukafuna metani nokha."

Anandiyang'ana ndi maso awo ofooka aja, chigayo chikugunda, akazi akudutsa ndi ndowa kupita ku mpopi. Kenako anatsamira khoma, anakweza chibwano, n'kutseka maso.

Sindinametepo mosamala ngati tsiku limenelo. Ndinasiya nsalu yotentha pankhope mpaka ndevu zinafewa, ndinapaka thovu lambiri, ndipo ndisanaike lezala ndinayendetsa chala kuti ndimve kumene ndevu zagonera, chifukwa pakhosi zinkagonera cham'mbali osati pansi. Ndinadutsa kamodzi kokha, pang'onopang'ono, ndikutsuka kamalata pafupipafupi. Panatuluka kadontho kamodzi ka magazi pansi pa khutu, ndinakatseka ndi chala mpaka kanaleka. Pomaliza ndinawadzoza timafuta ta nsatsi kuti khungu lide ndi kuwala. Anavala chipewa n'kunyamuka osandiyang'ana.

Ife akazi tinaonerera tili ku mpopi, tikunamizira kutsuka ndowa. Amuna anaima mizere pabwalo la kutsogolo kwa ofesi, zipewa m'manja. Mzunguyo ankayenda pang'onopang'ono, mabalane akumutsatira ndi buku. Pena ankangodutsa, pena ankaima n'kunena liwu limodzi, mabalane n'kulemba. Dzuwa linakwera. Mayi wina wachishona amene tinkatunga naye anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Usatye, muzukuru," kundiuza kuti ndisaope.

Atafika pa agogo anaima. Anawayang'ana kumaso, anawauza kuti atembenuke, anawayang'ananso. Kenako anasuntha, mabalane osalemba kanthu.

Che Amidu anali pamzere womwewo, anthu atatu kupitirira agogo. Mzunguyo sanaime n'komwe. Anangoloza ndi chala akuyenda, ndipo liwu lake linamveka mpaka ku mpopi: "Madala." Mabalane analemba.

Agogo anabwera kunyumba mwakachetechete n'kukhala pa kampando kawo. Ndinawapatsa madzi, anamwa, anandibwezera chikho. Patapita nthawi anati, "Dzanja lako ndi labwino, Naphiri." Tsiku limenelo sanapite kukacheza kwa anzawo amene ankakondwerera kupulumuka.

Che Amidu anapatsidwa masiku ochepa oti alongedze. Tsiku lonyamuka ndinatsuka kamkuwa ndi phulusa, ndinakapukuta mpaka kananyezimira, ndinakagoneka pa nsalu yake yofiira, ndipo ine ndi agogo tinapita nako pakhomo pawo pamene katundu anali atamangidwa kale m'mitolo.

"Sungani, Aphiri," anatero Che Amidu. "Mwanayu wakadziwa tsopano. Akadutsa kamodzi sikakulumani."

"Nkhope yanga ndi ya malata, alamu. Pitani nako mukazimeta mitu ya adzukulu."

"Muzidzanama zaka mpaka liti, nkhalamba inu?"

"Mpaka mwanayu akwatiwe."

Anaseka onse awiri, atagwirana manja osafuna kusiyana. Che Amidu anatembenukira kwa ine. "Nanga Abiti Phiri, mlandu uja waugamula bwanji? Mkuwa kapena lezala?"

Ndinayankha kuti sindinamalize kuyesa. Anati ndikadzamaliza ndidzawalembere kalata.

Sindinalembe, chifukwa keyala yawo sitinaidziwe, ndipo kamkuwa kena sindinakagwirenso. Lero ndili pabanja, ndipo bambo a kunyumba ndimawameta ndine, ndi kamakina kotchipa ka m'sitolo. Anzawo akamakangana za makina odula ndi otchipa amandiitana moseka kuti ndiweruze, ine ndimangoti kodula kamameta mozama ndipo kamakoma m'manja, kotchipa kamakhululukira dzanja lolakwa, ndipo munthu ayambe wadziwa kumene ndevu zake zagonera. Kupitirira apo sindidziwa. Chimene chimandikhalabe mumtima ndi china. Agogo anagwira ntchito pa mgodi uja zaka zina zinayi. Atatsala pang'ono kumwalira ndi pamene anandiuza kuti Che Amidu anali wamng'ono kwa iwo ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kuti pamene iwo ankabwera kuno ali bambo wandevu, mnzawoyo anali kamnyamata kowanyamulira mtolo panjira.

Lole imene inatenga Che Amidu ndi kabokosi kawo kakuda inachoka pa geti la komboni dzuwa lili pamutu, Lachitatu lomaliza la mwezi wa Okutobala, chaka chomwecho chimene nkhondo inatha.